Chaka chimene ena anatipempherera

Pamapemphero a madzulo amene timachita m'makomo kwathu kuno, munthu akaimirira kuti apereke umboni, aliyense amadziwiratu kumene nkhani ikulowera: ndinadwala, ndinapemphera, lero ndili bwino, ndipo anthu amaomba m'manja. Wanga sutha choncho. Bambo anga dzanja lawo lamanja silinadzuke mpaka lero, injini ya boti inapita, ndipo ngongole ina ndikubwezabe. Komabe ndi umboni, ndipo ndikuulemba chifukwa kwinakwake kuli mwana wa munthu amene wayala chitenje pansi pa bedi la kholo lake m'chipatala, m'thumba mulibe kanthu, ndipo akati apemphere mawu akukana kutuluka. Ndikufuna munthu ameneyo amve zimene zinatichitikira ife m'chaka cha 2022.

Kwathu ndi kufupi ndi Kande, kwa Fukamapiri, kumwera kwa Chintheche, pakamtunda kamene kali pakati pa msewu wa M5 ndi nyanja. Ndine woyamba kubadwa. Ada, monga timawatchulira bambo kwathu kuno, anali ndi boti lamatabwa, injini ndi chilimira, ndipo anyamata amene ankapita nawo panyanja usiku ankadyetsa mabanja awo ndi ukonde womwewo. Ama ankalima chinangwa, kuviika, kuyanika ndi kusinja ufa wa kondowole. Ine ndinkatenga usipa padoko, wina kuyanika pathandala, wina kufutsa, n'kukagulitsa ku Mzuzu. Mlongo wanga ali ku Cape Town, kumene amasamalira maluwa m'makomo a anthu, monga achitira anyamata ambiri a ku Nkhata Bay kuyambira nthawi ya agogo athu amene ankayenda wapansi kupita ku Halale ndi ku Joni. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala. Ada analinso mkulu wa mpingo wa CCAP, ndipo pamaliro ndiwo ankapemphedwa kutseka ndi pemphero chifukwa mawu awo ankafika mpaka kwa okhala kumapeto kwa khamu.

Anagwa mu June, mwera uli pachimake. Panali patapita masiku boti lisanalowe m'madzi chifukwa cha mafunde, ndiye anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Ine ndinali chapafupi, ndikutembenuza usipa. Ndinangoona chosokera chagwa m'manja mwawo, iwo akuchiyang'ana osachitola. Nditawaitana anatembenuka, pakamwa patapotokera mbali imodzi, malovu akutsika. Anayesa kunditchula dzina, koma kunangotuluka kubuula. Anyamata anayi a m'boti anazula chitseko cha khitchini, kuwagoneka pamenepo, n'kuthamanga nawo kumsewu. Galimoto yoyamba kuima inali Sienta yodzaza kale. Anthu awiri anatsika mwa kufuna kwawo kuti Ada alowe, ndipo tinawasiya ataima pamsewu ndi katundu wawo.

Ku Chintheche anawayeza BP n'kupeza kuti yakwera moopsa. Anatiuza kuti ndi sitiroko. Kale Ada anauzidwapo kuti magazi awo amathamanga, koma mutu ukawawa ankati ndi nyali za usiku ndi mphepo ya panyanja, n'kumwa Panado. Asodzi ambiri ali choncho: munthu amene amakoka chilimira usiku wonse savomera kuti m'thupi mwake mungakhale chofooka. Anatitumiza kuchipatala chachikulu cha boma ku Nkhata Bay, ndipo kumeneko ndinayamba ugadiyani.

Chipatala cha boma n'chaulere, ndipo ndimathokoza kuti n'chotero, chifukwa tikanati tilipire bedi ndi dokotala, Ada tikanangowabweza kunyumba. Koma matenda amadya ndalama m'njira zina zosalembedwa pa risiti: thiransipoti ya Ama kubwera ndi kubwerera, makala ophikira kukhitchini ya magadiyani, sopo, matewera a akuluakulu, ufa wa phala poti nsima sinkamezeka, mayunitsi oimbira abale. Kukhitchini kuja ndinaona akazi osadziwana akupalirana moto ndi kubwerekana mchere, ndipo usiku wina aliyense ankapempherera wodwala wake m'chinenero chake, wa Katolika ndi korona wake, wa Chisilamu pa kansalu kake pakona. Zonsezi zinatipeza pa nthawi yoipa. Kumapeto kwa May chaka chomwecho kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu June petulo anafika pa K1,999 pa lita. Kwa ife imeneyo inali nkhani ya chakudya chenicheni, chifukwa injini ya boti imamwa petulo usiku uliwonse, kaya usipa wagwidwa kaya ayi.

Titatuluka m'chipatala, Ada anafika kunyumba atanyamulidwa, mbali yonse yakumanja itafa, mawu atatsala ochepa osamveka. Anyamata anayesa kuyendetsa boti paokha, koma mwini ukonde akagona zinthu siziyenda chimodzimodzi. Masiku ena ankabwera ndi zigoba zochepa za usipa zosakwana n'kugulira mafuta a usiku wotsatira. Kenako petulo anayamba kusowa m'dziko lonse, magalimoto akugona pamizere, ndipo wa m'zigubu mtengo wake unali wosayamba. Mankhwala nawonso chaka chimenecho ankavuta chifukwa dziko linalibe ndalama zakunja zokwanira, choncho miyezi ina mapiritsi a BP ndinkagula kufamase ndikapita ndi usipa ku Mzuzu. Mpamba wanga wa geni unathera momwemo. Ndinakongola kubanki mkhonde, ndipo itakwana nthawi yobweza ndinapita kwa wakatapila, uja woti ukatenga K50,000, pakutha pa mwezi ubweze K75,000. Mlongo wanga ankatumiza zimene akanatha kudzera pa Mukuru, koma naye masiku ake ogwira ntchito anali atachepa kuyambira nthawi ya Covid. Tsiku limene tinagulitsa injini, Ama anatseka zenera la kuchipinda kuti Ada asaone anthu akuinyamula. Anamva ndithu. Usiku umenewo anakana kudya.

Koma limene linatisautsa kwambiri silinali la ndalama. Ada ndi munthu wamkulu thupi, ndipo Ama paokha sakanatha kuwadzutsa. Kwathu mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Ndikayandikira ndi beseni, Ada ankatembenuzira nkhope kukhoma, misozi ikutsika. Sitinauze munthu. Ndiye m'mawa wina, kusanache bwino, tinamva belu la njinga pabwalo. Anali mkulu mnzawo wa mpingo, bambo wachikulire wa Madodana, bungwe la abambo la mpingo wathu. Anaodira, n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinawamva akupemphera mwachidule kwambiri. Atatha anasuzumira pakhomo n'kuti, "Mwana wanga, teleka madzi, ubweretsenso sopo ndi thaulo. Zotsalazo ndi za ife amuna."

Kuyambira tsiku limenelo abambo a Madodana anagawana masiku. Wina anali mphunzitsi wopuma, wina kalipentala, wina msodzi amene ankafika akuchokera panyanja, asanagone n'komwe. Ankawanyamula kupita nawo kubafa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadzoza mafuta kumsana kuti pasatuluke zilonda zogonera, kenako kuwakhazika pampando pakhonde kuti aziona nyanja. Amayi a Umanyano, bungwe la amayi la mpingo wathu, ankabwera masana, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina ndi kambale ka ufa, wina ndi chigwada chosinja kale. Panalibe wolemera pakati pawo. Ena ndinkadziwa bwino lomwe kuti ufa umene abweretsawo aupungula pa wa ana awo.

Ine ndiye ndinkauma m'kati. Masabata oyamba ndinapemphera kuposa kale lonse: kusala kudya, kudzuka pakati pa usiku, kulonjeza Mulungu izi ndi izo akangowadzutsa. Ndinkamukumbutsa za maulendo amene Ada anayenda wapansi kukaona odwala, ndi maliro onse amene anagona panja. Dzanja silinagwedezeke. Pofika mu August, ndikagwada m'mutu munkangobwera masamu: zingati za wakatapila, zingati za matewera, zatsala zingati. Ndinkayamba kuti "Atate," n'kuthera pomwepo. Kenako ndinaleka n'kugwada komwe. Sindinasiye kukhulupirira kuti Mulungu alipo. Ndinamukwiyira, ndipo ndinalibe choti ndimuuze. Ena obwera kudzazonda ankasiya mawu olasa, oti mukanakhala ndi chikhulupiriro chenicheni bwenzi atadzuka kale. Mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero. Amasenzetsa wodwala ndi womudwazika mlandu pamwamba pa matenda, ndipo amene amawalankhula nthawi zambiri sanachapepo nsalu ya wodwala ngakhale imodzi.

M'nyumba imene kale Ada ankatsogolera pemphero madzulo aliwonse munali zii. Ama ankangonong'ona okha. Tsiku lina amayi a Umanyano, atavala zoyera ndi zakuda zawo, anakhala pamphasa pakhonde n'kuyamba nyimbo yakale ya m'buku imene Ada ankaikonda. Ali pa ndime yachiwiri, pansi pa mawu a amayiwo panamveka besi. Tonse tinatembenuka. Munthu amene ankalephera kupempha madzi akumwa anali akuimba, mawu onse bwinobwino, atatsinzina. Amayi ena anasiya kuimba n'kuyamba kulira, koma mtsogoleri wawo anawakodola kuti apitirize. Nyimbo itatha, lilime linamangikanso. Patsogolo pake wamafizo anatifotokozera kuti zimenezi zimachitika kwa anthu ambiri a sitiroko, chifukwa kuimba ndi kulankhula siziyenda njira imodzi mu ubongo, ndipo anatilangiza kuti tiziwaimbitsa tsiku lililonse kuti pakamwa pazolowerenso. Kufotokozako sikunachepetse zimene ndinaona. Kunatipatsa chochita: madzulo aliwonse tinkaimba, ngakhale ine amene sindinkapemphera.

Mwezi womwewo kudera kwathu kunabwera mneneri wina wochokera kutali, ndi zokuzira mawu zake, n'kumanga tenti pabwalo la mpira. Asibweni anga, alongo awo a Ama, anatenga malaya a Ada n'kupita nawo. Pa kupitako sindiwaimba mlandu. Ankaona mlongo wawo akuwonda ndipo ankafuna kuti china chake chichitike. Anabwerako ndi kabotolo ka mafuta kamene anagulitsira mbuzi, ndi mauthenga awiri. Woyamba unali wakuti mapiritsi alekedwe, chifukwa kumwa mankhwala pamwamba pa mafuta odzozedwa n'kukayikira Mulungu. Wachiwiri unali wakuti matendawa si a kuchipatala, pali mayi wa magazi amodzi ndi wodwalayo amene wamanga ukonde pamodzi ndi mwini wake. Dzina silinatchulidwe, koma panalibe wofunsa. Ada ali ndi mlongo mmodzi yekha, azakhali anga, mayi wamasiye amene ana awo onse anawaika m'manda m'zaka zija Edzi inkatha anthu ma ARV asanabwere. Amakhala okha kumapeto kwa mudzi, ndipo m'mbuyomo anakanganapo ndi Ada za malire a munda wa chinangwa.

Lamlungu masana abale anasonkhana pakhonde. Azakhali anaitanidwa, ndipo anakhala pansi chapatali, atafunda chitenje kumutu. Asibweni analankhula nthawi yaitali. Kuseri kwa nyumba kunali anyamata amene ndinawamva akunong'onezana za machesi. Ama anali atabisa kale chitini cha mapiritsi, moti m'mawa umenewo Ada sanamwe. Ine pabwalo la akuluakulu ndinalibe pakamwa, ndipo miyendo inkangonjenjemera. Ada anali pampando wawo, anthu akukambirana za iwo osawayang'ana n'komwe. Mwadzidzidzi ndodo inamenya pansi mwamphamvu.

"Awa," anakana Ada m'Chitonga chathu.

Asibweni anati apitirize.

"Awa! Awa!"

Anakodola azakhali ndi dzanja lamanzere. Mayi uja anayenda ndi maondo mpaka pamapazi awo. Ada anagwira dzanja la mlongo wawo, n'kuliika pa mkono wawo wakufa uja, n'kulipanikiza pomwepo kuti lisachoke. Kenako anayang'ana Ama, n'kuloza pakamwa pawo. Ama anamva. Analowa m'nyumba akulira, n'kutuluka ndi chitini chija ndi kapu ya madzi, ndipo Ada anameza piritsi lawo pamaso pa onse. Msonkhano unathera pomwepo. Anthu anangonyamuka mmodzimmodzi.

Ndikaganiza chimene chikanachitika usiku umenewo thupi limachita tsembwe. Lamulo la dziko lino, lomwe lilipo kuyambira 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe chaka ndi chaka timamva pawailesi za agogo amene awotcheredwa nyumba kapena kuphedwa ndi adzukulu awo omwe, ndipo kawirikawiri chiyambi chake ndi matenda kapena maliro amene banja lalephera kuwamvetsa. Zimandipweteka kuti masiku ano ena amayatsa moto umenewu atanyamula Baibulo.

Kukana kwa Ada sikunayambe tsiku limenelo. Tili ana ankatitengera ku Bandawe wakale, pafupi ndi phiri la Makuzi, kumene kuli tchalitchi chakale ndi manda a amishoni. Ankatifotokozera kuti Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia kumeneko mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear, anali m'busa komanso dokotala, moti kwa Atonga uthenga wabwino ndi mankhwala zinafika m'manja mwa munthu mmodzi. Amishoniwo anathawa malungo ku Cape Maclear, malungowo n'kuwapezanso ku Bandawe, mpaka mu 1894 likulu lawo linasamukira kumapiri a Khondowe. Ada ankaloza mandawo n'kunena kuti anthu amenewa ankapemphera usana ndi usiku, komabe anadwala, ena n'kumwalira adakali achinyamata, ndipo anzawo sanapite kukasaka mfiti. Ndili mwana ndinkangoona miyala. Pakhonde paja m'pamene ndinamva zimene ankatanthauza.

Kenako inafika kolera. Inayambira ku Machinga mu March chaka chomwecho, ndipo pofika mu August inali italowa m'madoko a Nkhata Bay, makamaka cha ku Tukombo. Tinkamva, ndipo alangizi a zaumoyo ankayenda m'midzi ndi kolorini, koma boti lathu linali pamtunda ndipo wakatapila sankadikira. Ndinapita kumadoko a kumwera kukagula usipa woti ndikagulitse. Kumadoko kumakhala anthu ambirimbiri ochokera kutali, zimbudzi n'zochepa, ndipo ambiri amamwa madzi a m'nyanja momwemo. Ndinabwerako madzulo ndili bwinobwino. Pakati pa usiku m'mimba munatseguka, zotuluka zili mbuu ngati madzi otsukira mpunga, kusanza kosalekeza, miyendo ikukokana. Pofika m'bandakucha sindinkatha kuimirira, maso atalowa m'kati, mawu atatha. Ama anasungunula Thanzi n'kumandimwetsa pang'onopang'ono, ndipo bambo wa Madodana amene anabwera kudzasambitsa Ada m'mawa umenewo ndiye anathamanga kukaitana njinga yamoto. Anandimangirira ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa, wina atakhala kumbuyo kundigwira.

Za mutenti ya kolera ndimakumbukira zidutswazidutswa. Bedi lobowola pakati, ndowa pansi pake. Fungo la kolorini. Namwino akusakasaka mtsempha pa mkono wanga wofota mpaka anaupeza, madiripu awiri akutsika nthawi imodzi. Anthu aja ankagwira ntchito usiku wonse, jombo kumapazi, ndipo ndikatsegula maso ndinkapeza nkhope zomwezo. Pabedi loyandikana nane panagona mnyamata wina, msodzi wochokera kutali, wopanda m'bale aliyense pafupi. Anafika mochedwa. M'mawa mwake bedi lake linali litatsukidwa, ndipo ndinamva kuti aikidwa ndi azaumoyo, popanda siwa, popanda nyimbo. M'dziko lonse mliri umenewu unapha anthu oposa 1,700, ndipo ndi kolera yoopsa kwambiri m'mbiri ya Malawi. Sindinganene kuti ine ndinatsala chifukwa Mulungu ankandikonda kuposa mnyamata uja. Ine ndinafika msanga chifukwa panali ondinyamula, iye analibe. Mpaka lero ndimapempherera mayi ake, kulikonse kumene ali.

Ndili m'menemo sindinapemphere ngakhale liwu limodzi, mphamvu yake panalibe. Koma kunja kwa mpanda, kumene abale ankaimitsidwa, madzulo ndinkamva amayi akuimba, ndipo pakati pa mawuwo ndinkazindikira a Ama. Nanga kunyumba anatsala ndi Ada ndani? Azakhali. Mayi yemwe uja anthu ankafuna kumuwotchera nyumba ndiye anasamukira kwathu, kuthira kolorini paliponse pamene ndinadutsa, kuwiritsa madzi akumwa, kuphikira Ada phala ndi kuwamwetsa mapiritsi pa nthawi yake. Pakhomo pathu panalibenso wina amene anadwala.

Nditabwerera kunyumba, ndidakali wofooka, bambo wachikulire wa njinga uja anandipeza pakhonde. Ndinawauza zoona, kuti ine kupemphera kunandikanika kalekale, ndipo mwina n'chifukwa chake zonsezi zikutigwera. Sanandidzudzule. Anatsegula Baibulo lawo pa Marko mutu 2, nkhani ya munthu wofa ziwalo amene anzake anayi anamunyamula, ndipo atalephera kulowa pakhomo chifukwa cha khamu, anasasula denga n'kumutsitsira pamaso pa Yesu. Atawerenga anatseka buku.

"Mwana wanga, wodwalayo ananena chiyani?"

Ndinaganiza, n'kuyankha kuti sananene kanthu.

"Nanga chikhulupiriro chimene Ambuye anaona chinali cha yani?"

Ndinakhala chete.

"Iwe gona," anatero. "Ino ndi nthawi yathu yonyamula. Yako idzafika."

Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri ku Sande sukulu, ndipo nthawi zonse maso anga ankakhala pa kudzuka kwa wodwalayo. Tsiku limenelo ndinaona anthu anayi aja, thukuta lawo, ndi denga la eni ake limene anayenera kulikonzanso. Ndinayamba kuwerenga mumtima: anyamata ndi chitseko cha khitchini, alendo awiri otsika mu Sienta, abambo obwera m'mamawa kudzasambitsa mnzawo, azakhali, namwino wa jombo. Miyezi yonse imene ndinkati Mulungu wakhala chete, pakhomo pathu sipanadutse tsiku popanda munthu kufika. Sindikunena kuti zimenezi zinalowa m'malo mwa machiritso amene ndinkapempha. Ndimawafunabe, ndipo ndimawapemphabe. Koma mkwiyo unayamba kuphwa, ndipo patapita nthawi ndinangozindikira kuti ndikupemphera ndikuchapa nsalu za Ada, mawu ochepa, opanda malonjezo.

Chaka cha 2023 chinali cha mafizo. Kalipentala uja anakhoma mitengo ya bulugamu yogwirira kuchokera pakhonde kukafika pa mango, ndipo Ada ankagwira ndi dzanja lamanzere n'kumakoka mwendo, thukuta lili kamukamu. Poyamba ankathera panjira, kenako anafika pa mango, kenako ndi ndodo mpaka kumsewu. Mawu ena anabwerera: mayina athu, moni, madzi, yewo. Ndalama ndiye sizinachire. Mu November 2023 kwacha inachepetsedwanso mphamvu ndi 44 peresenti, petulo n'kufika pa K2,530, ndipo zogulanso injini zinathera pomwepo. Wakatapila ndinamumaliza titagulitsa boti. Chilimira tinasunga, amachigwiritsa ntchito eni boti ena, ndipo usipa ukagwidwa amatipatsa gawo lathu. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumeza mchenga umene panali mathandala anga, ndiye ndinawasamutsira kumtunda mothandizidwa ndi amayi a kubanki mkhonde, omwenso anavomera kuti ngongole yanga ndizibweza pang'onopang'ono. Asibweni anabwera okha kudzapepesa kwa azakhali, atanyamula nkhuku. Azakhali anailandira, n'kuiphika tsiku lomwelo, tonse n'kudyera pamodzi.

Lamlungu Ada amayenda okha kupita kutchalitchi, kulawira m'mamawa chifukwa ulendo umene kale unali waufupi tsopano umawatengera nthawi. Kutsogolera pemphero sangathenso, koma amakhala pabenchi la akulu a mpingo ndipo besi yawo imamveka. Ine ndinalowa Umanyano, ndipo pano tikuyendera mayi wina wa kutsidya kwa msewu amene mwamuna wake anadulidwa mwendo chifukwa cha shuga. Tsiku langa lokatunga madzi ndi kuchapa kumeneko ndi Lachiwiri. Ada nawo apeza ntchito yawo. Madzulo maboti akamakonzeka amatsikira kudoko ndi ndodo, n'kumagwira asodzi mmodzimmodzi pamkono, pamene amamanga choyezera paja, n'kumati, "BP. Pita." Ambiri amangoseka. Siginala wawo wakale, uja wotsogolera asodzi panyanja, bambo wamphamvu amene nayenso mutu umamuwawa kawirikawiri, wakhala akuzemba kwa nthawi yaitali, koma sabata yathayi wavomera. Mwezi wamawa, tsiku la Ada lokatenga mankhwala ku Chintheche, tipita naye, ndipo ya thiransipoti ya anthu atatu ndayamba kale kusunga.